Gemu ya m'kati mwa gemu: tiitchule bwanji m'Chichewa?

Mafunso atatu a sabata ino akuchokera kwa okonda magemu apakompyuta amene wosewera amakhala mwini wa arcade, malo aja odzaza makina oponyamo ndalama kuti munthu asewere.

Bambo wina alemba kuti: "Ndimafuna kufotokozera anzanga za Arcade Paradise. Ndinene kuti gemuyi imatsanzira, imanamizira kapena imayerekezera bizinesi?"

Bambo, mwafunsa bwino, chifukwa mawu atatuwa ndi apachibale koma sadyera mbale imodzi. Kwa amene sanaione gemuyi, idatuluka mu 2022, ndipo adaipanga ndi a Nosebleed Interactive a ku Newcastle, ku England. Nkhani yake ikuchitika mu 1993. Wosewera amakhala Ashley, amene bambo ake amusiyira malo ochapira zovala otchedwa King Wash. Tsiku lonse ndi kuchapa, kutola zinyalala, kumatula chingamu, ngakhale kutsegula chimbudzi chikatsekeka. Phindu lake amaguliramo makina a magemu n'kumaika kuchipinda chakumbuyo, mpaka arcade ija kukula kuposa zochapazo.

Kunamizira tikuchotseretu. M'mawu amenewa muli bodza. Wonamizira kudwala amafuna kuti wina apusitsike, pomwe wosewera gemu amadziwa bwino lomwe kuti ndalama zimene akutseka m'sefa sangagulire kanthu kunja kuno. Palibe akupusitsidwa.

Kutsanzira kumafuna pakhale chinthu chenicheni chimene ukuonera, monga mwana akamatsanzira kayendedwe ka bambo ake. Ashley sakutsanzira wamalonda wina aliyense wodziwika. Chimene gemuyi imachita ndi chija timati "tiyerekeze kuti uli ndi mpamba wochepa, makasitomala akudikira, makina ena awonongeka, utani?" Choncho nenani kuti ndi gemu yoyerekezera kuyendetsa bizinesi. Ndi mawu aatali, inde, koma amene sanagwireko kompyuta akumvani.

Komabe musataye kutsanzira, kuli ndi malo ake m'gemu yomweyi. Makina amene Ashley amagula, oposa 35, amaseweredwa ndithu, ndipo ambiri adapangidwa moonera magemu otchuka a m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Ena otchedwa Racer Chaser ali ndi tinjira tokhotakhota ngati ta Pac-Man, kungoti wosewera amayendetsa galimoto ndipo omuthamangitsa ndi apolisi. Apa mpomwe munganene kuti Racer Chaser imatsanzira Pac-Man. Gemu yaikulu imayerekezera, timagemu ta m'katimo timatsanzira.

Mayi wina afunsa kuti: "Mawu akuti retro ndiwamasulire kuti akale kapena amakedzana?"

Amakedzana ayi, mayi. Makedzana ndi nthawi ya makolo amene sitidawaone n'komwe, pomwe anthu amene adasewera Pong ya Atari mu 1972 ambiri akadali moyo. Mpikisano weniweni uli pakati pa akale ndi achikale. Magemu akale ndi amene adapangidwa kalelo: Pong, Space Invaders ya Taito ya mu 1978, Pac-Man ya Namco ya mu 1980, Street Fighter II ya Capcom ya mu 1991. Kachidutswa kakuti chi ka m'mawu akuti achikale kamasonyeza kachitidwe, monga timanenera kuti kuvala mwachinyamata ngakhale wovalayo ali ndi imvi. Ndiye gemu yachikale ikhoza kukhala ya chaka chatha, bola zithunzi zake zikhale za timabokosi tooneka ndi maso ndiponso kulira kwake kukhale kwa makina a nthawi ijayi. Retro ndi chimenechi. Ndikudziwa kuti achikale nthawi zina ndi mawu onyoza, monga pa "maganizo achikale", koma okonda magemuwa chikalecho ndicho amachifuna.

Funso lomaliza ndi la mnyamata amene mphunzitsi wake adamudula mzere pa chiganizo chakuti "ndagula makina imodzi ya magemu, gemu yake ndi abwino".

Aphunzitsi sadalakwe, achimwene. Makina, ngakhale atakhala okhaokha pakona, amatenga a: makina amodzi, makina atsopano, makina awonongeka. Ali ngati madzi ndi mafuta, sitiwachotsa ma. Gemu ndiye imatenga i ndi ya ikakhala imodzi, gemu yabwino, koma akachuluka timati magemu abwino. Ena amadana ndi mawu akuti gemu n'kumati tizinena masewera basi. Ine sindiona vuto, chifukwa masewera sawerengeka mosavuta, ndipo "ndasewera magemu atatu" imatuluka bwino pakamwa. Chenjerani ndi kuseweretsa kokha. Kusewera pa makina ndi kusangalala, kuseweretsa makina ndi kuwagwira mosasamala, ndipo mwini arcade akhoza kukutulutsani.

Achimwene, mudafunsanso za dzina la ndalama zoponya m'makina. Nenani ndalama zachitsulo. Mneni wake ndi kuponya kapena kuika, ndipo mwini malo akabwera ndi kiyi timati akukhuthula makina. Ku America ndalama yake inali ya masenti 25. Makina oyamba a Pong adaikidwa m'bala ya Andy Capp's Tavern ku Sunnyvale, California, ndipo patangopita masiku ochepa adasiya kugwira ntchito. Allan Alcorn, amene adawapanga, atawatsegula adapeza kuti chotengera ndalama chadzaza mpaka kusefukira. Mukamalemba nkhani imeneyi musati makina adawonongeka, chifukwa palibe chidathyoka. Ine ndikadalemba kuti makina adatsamwa ndi ndalama.