Kodi wa HR pa esiteti ndi wongolemba makalata ochotsa anthu ntchito?

Mayi wina amene amagwira ntchito mu ofesi ya HR, yoona za antchito, pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo wanditumizira imelo yodandaula. Akuti kusukulu anaphunzira kuti munthu wa HR amathandiza kutsogolera kampani, koma kumene aliko mabwana amawaitana pokhapokha atagamula kale zochotsa munthu ntchito, kuti alembe kalata. Ogwira ntchito nawonso amawaona ngati kazitape wa mabwana, moti akatulukira ku malaini nkhani zonse zimatha. Funso lawo ndi lakuti: angatani kuti mawu awo azimveka pamene zinthu zikukonzedwa, osati zitagamulidwa kale?

Mayi, zikomo polemba. Zimene mukukumana nazozi zili ndi mbiri yake. Ulimi wa tiyi unayamba ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, kenako n'kufalikira ku Thyolo, ndipo kwa nthawi yaitali minda yambiri inkadalira thangata, pamene anthu okhala pa malo a azungu ankagwira ntchito m'malo molipira lendi. Pa dongosolo limenelo munthu woona za antchito anali kalaliki wa kaundula: kulemba mayina, kuchonga matikiti ndi kuwerenga masiku. Thangata inatha kalekale, koma mabwana ena anakulira m'maofesi momwe kalaliki ameneyu anali asanasinthe, ndipo akakuonani inu amaona iyeyo. Sindikukhulupirira kuti kuwasonyeza satifiketi yanu kungawasinthe maganizo.

Chimene chingawasinthe ndi kuwabweretsera chinthu chimene akuchifuna koma alibe. Bwana wamkulu wa esiteti amagona akuganiza za makilogalamu a masamba olowa m'fakitale, mtengo umene tiyi wake apeze ku okushoni ya ku Limbe kapena kwa ogula akunja, ndi ndalama zimene zatuluka kuti tiyiyo apangidwe. Popeza tiyi wambiri kwathu kuno amathyoledwabe ndi manja, gawo lalikulu la ndalama zotulukazo limapita ku malipiro, chakudya, nyumba ndi chipatala cha antchito. Tsono nkhani za anthu ndiye nkhani za ndalama za kampaniyo, kungoti nthawi zambiri palibe amene amazikonza bwino n'kuziika patebulo nthawi isanathe.

Taganizirani za nyengo ya masamba ambiri, kuyambira Disembala mpaka cha m'ma Epulo. Imeneyi ndi nthawi imene esiteti imafuna manja ochuluka kwambiri, chifukwa tiyi akapitirira masiku ake othyolera masamba amakhwima ndipo mtengo umatsika. Koma ndi nthawi yomweyonso imene wothyola tiyi amafunika kukapalira ndi kubandira chimanga kumunda kwake, malungo amachuluka, ufa umatha m'nyumba, ndipo mitsinje ikadzaza ena amalephera kuoloka m'mawa. Chaka chilichonse mamanijala a m'madivishoni amadandaula kuti anthu akujomba, ndipo chaka chilichonse amadabwa ngati n'zachilendo. Inu muli ndi marejisitala a zaka zapitazo m'kabati. Mukakhala pansi mu Seputembala n'kuwerenga kuti ndi divishoni iti imene inasowa anthu, m'masabata ati, angati anasiya ntchito nyengo isanathe, angati anabweranso chaka chotsatira, kenako n'kupempha a zowerengera ndalama kuti akuthandizeni kuyerekeza zimene kampani inataya, mudzakhala ndi pepala limodzi limene bwana wamkulu sangalikankhire pambali. Musalembe masamba makumi awiri ayi. Pepala limodzi lokhala ndi manambala a pa esiteti yomweyo, ndi maganizo awiri kapena atatu a zoyenera kuchita mvula isanagwe, ndi lokwanira.

Komabe rejisitala imangokuuzani kuti anthu anachoka, siyikuuzani chifukwa chake. Chifukwacho mukachipeza ku sikelo. Pitani kumeneko masana a tsiku la mvula mu Januwale, muime chapatali pang'ono. Mudzaona mzere wa amayi ndi abambo atatsitsa madengu kumsana, mapulasitiki a m'chiuno akudontha madzi, kapitawo akupisa dzanja m'masamba kuti aone ngati muli okhwima, kalaliki akuitana nambala n'kulemba makilogalamu, thirakitala ikudikira kuti ithamangire kufakitale. Mvetserani zimene zimanenedwa pamene kalaliki wadula makilogalamu chifukwa masamba anyowa, ndipo onani ngati wothyolayo amauzidwa kuti adulidwa angati ndi chifukwa chake. Onaninso amene amapatsidwa mizere ya masamba ambiri ndi amene amatumizidwa kotsetsereka tsiku ndi tsiku. Milandu yambiri imene imafika pa desiki yanu itakula kale, ya kunyoza bwana, ya kujomba, ngakhale ya sitalaka, imabadwira pamalo amenewa.

Apa ndi pamene nkhani ya utsogoleri yagona, ndipo ndichedwapo pang'ono. Kwa wothyola tiyi, kampani si bwana wamkulu amene amangomuona akudutsa pa galimoto. Kampani ndi kapitawo. Iyeyo ndi amene amagawa ntchito, amaloleza munthu kupita kumaliro, amanena kwa manijala kuti uyu ndi waulesi, ndipo nthawi zambiri mawu ake ndi amene amachititsa kuti munthu aitanidwenso nyengo yotsatira kapena ayi. Koma kapitawo amasankhidwa bwanji? Kawirikawiri amakwezedwa chifukwa ankathyola makilogalamu ambiri kapena wakhalitsa, ndipo mawa lake amapatsidwa anthu makumi angapo popanda amene wamuphunzitsa kudzudzula munthu mosamuchititsa manyazi, kulandira dandaulo, kapena malire a mphamvu zake. Ngati mukufuna ntchito imodzi yoti muyambe nayo, yambani ndi kasankhidwe ndi kaphunzitsidwe ka makapitawo. Lembani zoyenera kuona posankha, pemphani kuti muzikhala nawo pa kusankhako, onetsetsani kuti amayi nawonso akukwezedwa, ndipo konzani maphunziro aafupi m'Chichewa m'miyezi ya chilimwe pamene masamba achepa. Kampani yanu imapereka kale 1 peresenti ya malipiro onse ngati msonkho wa maphunziro a ntchito ku TEVETA, choncho kuphunzitsa antchito si nkhani yachilendo yoti muchite nayo manyazi.

Zimenezi zimakhudzanso msika. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana kuntchito, ndipo m'zaka zapitazi amayi ena ogwira ntchito m'minda ya tiyi ya kuno anakasumira makampani ku makhoti a ku London pa nkhani zoterezi. Ogula tiyi akunja anamva, ndipo oyendera a Rainforest Alliance kapena Fairtrade, mabungwe amene amapereka satifiketi yosonyeza ogula kuti tiyi walimidwa motsatira malamulo awo, akabwera amafunsa za njira zoperekera madandaulo ndiponso amacheza ndi antchito paokha. Mayi amene akuopa kukana kapitawo chifukwa ntchito ya nyengo yamawa ili m'manja mwa kapitawoyo sangapite kukadandaula kwa manijala amene amamwa limodzi ndi kapitawoyo. Kukonza njira ina yoti dandaulo lake lifike pamalo oyenera mwachinsinsi ndi ntchito yanu, ndipo muli ndi chifukwa chomveka chouza mabwana kuti satifiketi imene amagulitsira tiyi ikudalira zimenezi.

Tsopano za makalata ochotsa anthu ntchito aja. Lamulo la Employment Act la 2000, gawo 57, limanena kuti munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito, ayenera kupatsidwa mpata woyankhapo. Gawo 61 limaika udindo wosonyeza chifukwacho pa wolemba ntchito. Khoti la Industrial Relations Court likapeza kuti munthu anachotsedwa mosayenera, gawo 63 limati chipukutamisozi chisachepere malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene wagwira zaka zosapitirira 5, ndipo chimakwera mpaka malipiro a mwezi wathunthu pa chaka chilichonse kwa amene wapitirira zaka 15. Kumbukiraninso gawo 43, limene ambiri amaliiwala: munthu wolembedwa nyengo zotsatizana ndi bwana mmodzi amawerengeredwa nthawi yonse imene wagwira ntchito m'nyengozo ngati yosadukiza. Choncho manijala akabwera ndi dzina kuti mulembe kalata lero lomwe, musakangane naye pakhonde. Mufunseni ngati munthuyo wamvedwa, muwerengereni ndalama zimene kampani ingalipe, ndipo mum'patse tsiku loti mlandu umvedwe. Mukachita zimenezi kangapo mamanijala amayamba kubwera kwa inu asanagamule, poyamba chifukwa cha mantha, pambuyo pake chifukwa chozolowera.

Za kuonedwa ngati kazitape, musayembekezere kuti zitheratu, pakuti malipiro anu amachokeradi ku kampani ndipo antchito amadziwa. Chimene mungapeze ndi mbiri yakuti mawu anu sasintha. Malipiro a munthu akalakwika akonzedwe mwezi womwewo. Ndalama za penshoni, 5 peresenti yodulidwa kwa wantchito ndi 10 peresenti ya kampani, zitumizidwe m'nthawi yake ndipo munthu athe kuona sitetimenti yake. Wovulala ndi makina a m'fakitale mapepala ake a chipukutamisozi ayende osachita kukugwadirani. Zimene munthu wakuuzani mu ofesi zisamveke kumsika wa ku Bvumbwe. Atsogoleri a PAWU, yuniyoni ya ogwira ntchito m'maesiteti imene inasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro ndi bungwe la alimi a tiyi la Tea Association of Malawi mu 2016, muzikumana nawo ngakhale popanda vuto, chifukwa amamva zinthu sabata zingapo inu musanamve.

Sindikubisirani kuti alipo mabwana amene sangasinthe ngakhale mutawabweretsera manambala abwino chotani. Wotere akakukakamizani kuchita chosemphana ndi lamulo, monga kulemba deti lam'mbuyo pa kalata yochenjeza kapena kupanga maminiti a mlandu umene sunamvedwe, kanani mwaulemu, lembani malangizo anu m'memo yaifupi yotchula gawo la lamulo, ndipo sungani kope lanu. Nkhani ikadzafika kukhoti, amene adzaitanidwe kukafotokoza mapepalawo ndi inu. Ndi bwinonso kulowa m'bungwe la Institute of People Management Malawi, kuti mukhale ndi anzanu a ntchito yomweyi oti muziwaimbira foni mukapanikizika, makamaka amene anagwirapo m'maesiteti a ku Mulanje ndi Thyolo ndipo amadziwa mmene zinthu zimayendera nthawi ya masamba.