Kodi kupemphera kumasinthadi munthu? Yankho kwa mayi wa ku Bangwe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Bangwe, ndipo anandilola kuwayankha poyera bola ndisatchule dzina. Amuna awo akhala akumwa mowa kwa zaka zambiri. Chaka chatha anapita kutsogolo m'tchalitchi, anagwada, analira, nalonjeza kuti asiya. Anathadi miyezi isanu osalawa. Koma mwezi wathawu atangolandira malipiro anasowa masiku awiri, ndipo pobwera m'thumba munalibe ndi tambala yomwe. Mnzawo wa mayiwa wawauza za mneneri wina amene amagulitsa mafuta odzozedwa. Funso lawo analilemba motere: "Kodi chikhulupiriro chimasinthadi munthu? Nanga ngati chimasintha, bwanji dziko lathu lopemphera chonchi ladzaza ndi katangale?"

Achemwali, pepani ndi zimene mukudutsamo. Ndiyamba ndi za m'nyumba, chifukwa ndi zimene zikukusowetsani tulo.

Atsibweni anga, amene anatisiya kalekale, ankagwira ntchito pa fakitale ina ku Makata, akukhala ku Ndirande. Masiku amenewo malipiro ankabwera mu envulopu. Kuchokera pageti kukafika kunyumba unali ulendo wosakwana ola, koma njira yake inkadutsa pa nyumba zitatu zotcheza kachasu, ndipo envulopu ija siinkafika yamoyo. Azakhali ankaphika ndiwo za masamba otola mwezi wathunthu. Nawonso atsibweniwo analapa kangapo, misozi ili chuchuchu, ndipo sindikayika kuti tsiku lililonse limene ankalapa ankanena zochokera pansi pa mtima.

Chimene chinatembenuza zinthu ndi abambo awiri a mumphakati mwawo. Mmodzi anali telala wosokera pakhonde la sitolo, winayo mlonda. Tsiku la malipiro likafika, telala uja ankafunditsa makina ake chitenje nthawi ya 4 koloko, n'kukaima pageti la fakitale pamodzi ndi mnzakeyo. Atsibweni akatuluka ankawapatsa moni ngati angokumana mwangozi, n'kuwaperekeza kudzera njira yozungulira mpaka envulopu itafika m'manja mwa azakhali. Kumbukirani kuti kumapeto kwa mwezi ndi pamene telala amatolera ndalama kwa makasitomala ake. Ankataya tsiku limenelo chifukwa cha munthu amene sanali m'bale wake.

Ndipo atsibweni anagwanso. Madzi saiwala khwawa. Pa Khirisimasi ina anawatola m'ngalande, malaya ali matope okhaokha. Ine ndinali mwana wa sitandade 5, ndinagona kumeneko, ndipo m'mawa mwake ndinaona telala uja akufika. Ndinkayembekezera ulaliki. Iye anangokhala pa chidina cha mtondo pakhomo, napempha madzi akumwa, kenako anati, "Achimwene, paja Lachinayi mphakati uli kwanu kuno. Musaiwale kusesa pabwalo." Basi. Lachinayi anthu anabweradi, anayala mphasa, ndipo anapempha mwini nyumba yemweyo kuti atsegule ndi pemphero. Mawu ankanjenjemera, koma anapemphera. Zinatenga zaka pafupifupi zitatu, kugwa ndi kudzuka, kuti mowa autaye kotheratu.

Wina anganene kuti pamenepo sipanali chikhulupiriro, panali anzake abwino chabe. Ine ndikukana. Chimene chinkamuchotsa telala pa makina ake mwezi ndi mwezi chinali chakuti ankakhulupirira kuti tsiku lina Mulungu adzamufunsa za mnansi wake. Ndipo chimene chinawadzutsa atsibweni m'manyazi aja chinali chakuti anamva kuti sanatayidwe, kuti khomo la kukhululukidwa likadali lotsegula. Munthu womwa akagwa, manyazi ndi amene amamubwezera ku botolo msanga kuposa ludzu. Choncho miyezi isanu ya amuna anu ija musaiwerenge ngati bodza. Inachitikadi. Chimene ndikufunsa n'chakuti, atachoka kutsogolo kuja tsiku limene analira, ndani wa mumpingomo anawatsatira mpaka kunyumba?

Za mafutawo ndinena mosabisa: musagule. Ndalama imeneyo gulirani ana ufa. Sindikunyoza pemphero, inenso ndimapemphera ndipo ndakwerapo phiri la Soche usiku kukalira pamaso pa Mulungu. Koma munthu amene akukuuzani kuti vuto la zaka khumi litha ndi kabotolo, bola mubzale mbewu ya ndalama zakuti, sadzapezeka pakhomo panu m'mawa umene amuna anu agona m'ngalande. Taika maliro a anthu amene anasiya kumwa ma ARV atauzidwa kuti achira. Uchidakwa nawo ndi matenda a m'thupi ndi m'maganizo, ndipo munthu amene wamwa kwambiri kwa zaka akasiya mwadzidzidzi amatha kunjenjemera, kuona zinthu zimene palibe, ngakhale kukomoka. Zikatero malo ake ndi kuchipatala. Ku Queen Elizabeth kuli madokotala a zamaganizo, ndipo a St John of God ku Mzuzu, amene ndi a mpingo, akhala akuthandiza anthu a vuto la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo kwa zaka zambiri. Iwowo amapemphera, amaperekanso mankhwala ndi uphungu. Chinanso, simunalembe ngati amakumenyani akaledzera. Ngati amatero, aliyense asakuuzeni kuti kupirira nkhonya ndiko Chikhristu. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo ankhoswe adziwe msanga.

Funso lanu lachiwiri limandivutitsa inenso. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu opanda chipembedzo m'dziko muno ndi pafupifupi 2 okha pa 100 alionse. Ndiye kuti amene anaba mabiliyoni a boma pa Cashgate mu 2013, amene amasowetsa mankhwala m'zipatala, amene amafuna ya fanta kuti fayilo yanu iyende, ambiri a iwo Lachisanu, Loweruka kapena Lamulungu amakhala pamzere umodzi ndi ife. Ena timawakhazika kutsogolo chifukwa anagula malata a tchalitchi, ndipo palibe amene amafunsa kumene ndalamazo zinachokera. Pamenepo mpingo umakhala wagulidwa pakamwa.

Komabe ndinaonapo ndi maso anga tsiku limene chikhulupiriro chinagwedeza dziko lino. Linali Lamulungu pa 8 Marichi 1992, kuyamba kwa nyengo ya Lenti. M'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi, mmodzi mwa osaina ake ali Arkiepiskopi James Chiona wa kuno ku Blantyre. Achinyamata a lero sangamvetse mantha a nthawi imeneyo. Sunkalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi la chipani. Munthu ankatha kutengedwa usiku n'kukakhala kundende ya Mikuyu zaka osaonekera kukhoti. Dzina la Kamuzu tinkalitchula monong'ona ngakhale m'nyumba mwathu momwe. Ndiye tangoganizani bambo mfumu ataima paguwa n'kumawerenga mokweza za malipiro ochepa a anthu apantchito, za makalasi odzaza, za kusowa kwa mankhwala, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, za makadi okakamiza. Ndimakumbukira amayi anga atandigwira dzanja mwamphamvu, maso ali kukhomo, kuyembekezera kuti apayoniya alowa nthawi ina iliyonse. M'tchalitchi munali zii. Munalibe chachilendo m'kalatamo, zonse tinkazidziwa. Chachilendo chinali kuzimva zikunenedwa masana, tonse tili pamodzi, wina akuona kuti mnzakenso akugwedeza mutu.

Mtengo wake unali wowawa. Boma linati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo unali mlandu. Maepiskopi anaitanidwa kupolisi n'kufunsidwa kwa maola ambiri. Akuluakulu ena a chipani analankhula zoti aphedwe. Malo osindikizira mabuku a Montfort ku Balaka, kumene kalatayo inasindikizidwa, anatenthedwa. Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anapirikitsidwa m'dziko. Koma mantha anali atang'aluka. Ophunzira a ku Chancellor College anaguba. Mu Epulo, Chakufwa Chihana, womenyera ufulu wa zipani zambiri, anabwerera kuno kuchokera kunja akudziwa kuti amangidwa, ndipo anamangidwadi pabwalo la ndege. Mu Meyi, anthu apantchito kuno ku Blantyre ananyanyala, ndipo ambiri anaomberedwa m'misewu yathu yomweyi. Chaka chomwecho kunabadwa bungwe la Public Affairs Committee, mmene munakhala Akatolika, a CCAP, a Anglican, Asilamu, maloya ndi amalonda patebulo limodzi. Pa 14 Juni 1993 tinavota pa riferendamu, oposa 60 pa 100 alionse anasankha zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 tinasankha boma latsopano.

Sindikufuna kuikometsa mbiriyi. Mipingo yomweyo inakhala chete zaka pafupifupi 30 anthu akuzunzika, ndipo atsogoleri ena achipembedzo ankadalitsa misonkhano ya chipani. Mapemphero analipo zaka zonsezo, makwaya ankaimba, zopereka zinkaperekedwa. Chimene chinasintha mu 1992 n'chakuti anthu ochepa analolera kutaya ufulu wawo, kapena moyo umene, ponena zoona m'malo mwa anzawo. Ndikaika maepiskopi aja pambali pa telala wa ku Ndirande ndimaona anthu a mtundu umodzi. Onse chikhulupiriro chinawadyera kanthu. Ndinawaonanso anthu otere mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Amayi a Mvano, amayi a Dawa ndi a m'miphakati ankaphika phala m'misasa, osafunsa kuti wolandirayo amapemphera kuti.

Tibwerere kunyumba kwanu. Masiku ano envulopu kulibe, malipiro amalowa kubanki kapena pafoni, choncho geti la amuna anu ndi pa ATM kapena pa kabenchi ka ejenti. Musadikire tsiku la malipiro. Sankhani m'mawa umene ali bwinobwino, osati ali ndi matsire, muwauze kuti miyezi isanu ija munaiona ndipo inakusangalatsani. Kenako muwafunse kuti mumpingo mwawo ndi bambo uti amene amamulemekeza, amene sangachite naye manyazi. Asankhe okha. Mupite nonse awiri kwa bamboyo, mukamupemphe chinthu chimodzi chodziwika bwino: kuti tsiku limene ndalama zalowa akhale nawo limodzi kuyambira poweruka mpaka lendi, ufa ndi fizi zitalipiridwa. Inu nokha musasenze udindo wa ulonda, chifukwa mkazi akasanduka wapolisi m'nyumba banja limauma. Ngati abusa kapena akulu a mpingo angokuuzani kuti "tikupemphererani" osatchula munthu woti ayende ndi amuna anu, afunseninso mwaulemu kuti atuma ndani. Mwezi ukatha mundilemberenso, ndikufuna kumva kuti anapita ndani.