Menyani pamwamba pang'ono, woyera atsatire

Achimwene, posewera pool, kuti woyera (mpira umene mumamenya ndi ndodo) atsatire mpira umene mwagunda, mumenyeni pamwamba pang'ono pa pakati pake, ndodo ili chogona, osadzutsa kumbuyo. Mukamenya musaimitse dzanja, ndodo ipitirire kutsogolo.

Kumenya kotereku, kotchedwa top spin, kumachititsa kuti woyera akagunda mnzake aime pang'ono, kenako n'kugudubuzika kutsogolo. Mphamvu zambiri sizithandiza. Anyamata a ku Chinamwali amakonda kuphulitsa, woyera n'kulowa yekha m'dzenje. Mukamenya pamwamba kwambiri ndodo imaterereka, choncho pakani choko nthawi zonse.

Pa matebulo a tokeni woyera amakhala wocheperako, ndiye satsatira msanga. Yambani ndi mipira yoyandikana. Nsonga ya ndodo ikaphwatalala kapena kulimba, pitani nayo kwa odziwa kukonza ndodo akaike ina.