Kwa achemwali a ku Khombedza amene akumva msana posamalira apongozi

Achemwali, ndawerenga zimene mwalemba, zakuti apongozi anu anadwala sitiroko, mbali yakumanzere inafa, ndipo inu amene mumawadzutsa, kuwasambitsa ndi kuwapititsa kuchimbudzi nokhanokha mwayamba kumva msana. Za komwe mungapeze wilitcheya ndisiyira ena, ine ndiyankha za kanyamulidwe, chifukwa kwathu kuno ku Salima tinaziphunzira mowawa.

Amene akukuuzani kuti muzingomwa Indocid kapena Brufen sakukuthandizani kwenikweni. Mankhwalawo amangoziziritsa ululu pamene msana ukupitirira kuvulala, ndipo mukawamwa nthawi yaitali, makamaka m'mimba mulibe kanthu, amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso.

Mkulu wanga ankasamalira bambo athu atagona pamatiresi pansi. Usiku wina anawerama miyendo ili chiwongokere, n'kuwakoka m'khwapa kuti awakhazike tsonga, ndipo pomwepo msana unamugwira moti analephera kuweramuka. Anatha miyezi osasenza ngakhale ndowa ya madzi, m'nyumba n'kukhala odwala awiri. Bambo nawonso phewa la mbali yofayo linayamba kuwapweteka koopsa, chifukwa minofu ya kumeneko imakhala yofooka ndipo mukakoka mkono phewa limaguluka pamalo pake. Chonde musamawakoke m'khwapa kapena pamkono wofawo, ndipo musalole kuti akukolekereni manja m'khosi pamene mukuwadzutsa.

Ngati akugona pansi, yesetsani kupeza bedi loti akakhala m'mphepete mwake mapazi aziponda pansi bwinobwino. Pamene bedi lisanapezeke, muzigwada pafupi nawo m'malo mowerama. Pindani chitenje cholimba pawiri, muchiyale pansi pawo kuyambira m'mapewa mpaka m'ntchafu, kuti pofuna kuwasuntha kapena kuwatembenuza anthu awiri agwire uku ndi uku, awerengere limodzi, n'kukoka chitenjecho osati thupi lawo. Munthu wosatha kutembenuka yekha amafunika kumutembenuza pafupifupi maola 2 aliwonse kuti asachite zilonda za pogona, ndiye mukhoza kuona nokha kuti ntchito imeneyi munthu mmodzi sangaithe usana ndi usiku.

Powachotsa pabedi, yambani mwawagoneka chammbali, mutsitse miyendo yawo, kenako muwathandize kukhala tsonga ndi kudikira pang'ono kuti chizungulire chithe. Mpando muuike mbali yakumanja imene ili ndi mphamvu, kuti iwonso adzithandize. Inu tangadzani miyendo pang'ono, pindani mawondo, muwayandikire kwambiri, muwagwire m'chiuno, bondo lanu litchinjirize bondo lawo lofookalo, ndipo potembenuka muzisuntha mapazi, osapotoza msana. Akayamba kugwa musalimbane nawo kuti aimirire, koma muwatsitse pang'onopang'ono mpaka pansi, mutu wawo mutauteteza, kenako muitane wina.

Apa ndinene mosabisa kuti amuna anu ndi alamu anu ayenera kulowapo. Tikudziwa kuti mwana wamwamuna kusambitsa mayi ake si mwambo wathu, koma kunyamula mayi wovala bwino kuchoka pabedi kupita pampando palibe mwambo umene umaletsa. Gawanani nthawi, makamaka m'mawa ndi madzulo pamene ntchito yonyamula imachuluka.

Maulendo opita kuchimbudzi chakunja ndi amene amatha anthu msana. Ife kalipentala wina wa pa Kamuzu Road anatikhomera mpando wobowola pakati, woika ndowa pansi pake, pa mtengo wa pafupifupi K25,000, ngakhale panopa matabwa akwera. Mpando womwewo tinkasambitsiraponso.

Mukapita nawo ku chipatala cha boma cha Salima, pemphani kuti a mafizo kapena anamwino akuonetseni kagwiridwe kameneka ndi manja, chifukwa kuona kumaposa kuwerenga pa foni, ndipo mukhozanso kufunsa nzeru ku Ndi Moyo, amene amasamalira odwala matenda okhalitsa m'boma lino. Koma inuyo mukaona kuti ululu ukutsikira m'mwendo, mwendo ukuchita dzanzi kapena kufooka, kapenanso mkodzo ukukuvutani kuugwira kapena kuutulutsa, musadikire tsiku la apongozi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.