Mwana akadzimbidwa amagwa kwambiri: kodi tisiye chakudya cha keto?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku England, ndipo dzina lawo ndalibisa monga anapemphera. Mwana wawo wamkazi wa zaka 5 ali ndi matenda a khunyu osamva mankhwala, choncho madokotala anamuika pa chakudya cha ketogenic (keto), cha mafuta ambiri ndi shuga ndi sitachi wochepa kwambiri, miyezi 4 yapitayo. Kugwa kunachepa kwambiri. Vuto n'lakuti tsopano mwanayo amatha masiku 4 kapena 5 osachita chimbudzi, akapita amalira, ndipo nthawi zina pa kabudula wamkati pamapezeka zamadzimadzi ngati watsegula m'mimba. Mayiwa aona kuti masiku amene wadzimbidwa ndi omwenso amagwa pafupipafupi. Agogo ake a mwanayo, pa foni kuchokera kumudzi, akuti ampatse papaya wakupsa ndi phala la mgaiwa, asiye kumudyetsa mafuta okhaokha. Ndiye akufunsa kuti, kodi kudzimbidwa kungachititse mwana kugwa? Nanga chakudyachi achisiye?

Zikomo amayi polemba. Ndiyambe ndi funso lachiwirilo chifukwa ndi lofulumira: ayi, musachisiye, makamaka mwadzidzidzi komanso panokha. Mwana amene wakhala pa keto miyezi ingapo ndipo zikumuthandiza, akangobwerera ku shuga ndi sitachi tsiku limodzi, kugwa kumatha kubwerera mwamphamvu. Ngati chidzafunike kusiyidwa, dokotala wa ubongo ndi katswiri wa kadyedwe amachichepetsa pang'onopang'ono, monga amachitira ndi mankhwala. Ndipo kudzimbidwa si chifukwa chokwanira chosiyira chinthu chimene chachepetsa kugwa. Kudzimbidwa kumachizika.

Simuli nokha pa vutoli. Chakudyachi si chatsopano ayi. Anachiyambitsa ndi Dr Russell Wilder ku Mayo Clinic ku America mu 1921, ndipo mu 2008 gulu la Elizabeth Neal ku Great Ormond Street Hospital ku London linachiyesa pa ana 145. Patatha miyezi 3, ana 38 pa 100 alionse amene anali pa chakudyachi kugwa kwawo kunachepa kupitirira theka, pomwe mwa amene anali asanayambe, 6 okha pa 100 ndi amene anaona kusintha kotere. Pa zovuta zimene makolo ankanena kawirikawiri m'kafukufukuyo panali kudzimbidwa, kusanza, kufooka ndi njala. Ndiye amene anakuikani pa chakudyachi akulidziwa bwino vutoli, ndipo sadabwa mukawaimbira. Chimene chingawadandaulitse n'chakuti mwakhala chete mpaka masiku 5.

Chifukwa chake sichovuta kuona mukayang'ana mbale ya mwanayo. Pa keto ya 4:1, pa magalamu 4 alionse a mafuta pamakhala galamu imodzi yokha ya mapuloteni ndi ma carbohydrate pamodzi, kutanthauza kuti pafupifupi 90 peresenti ya mphamvu zake akuzipeza mu batala, kirimu, mafuta ophikira ndi mayonesi. Buledi wachoka, nsima yachoka, nyemba zachoka, zipatso zambiri zachoka, ndipo izi ndi zimene zinkabweretsa fiber, mbali ya chakudya yosagayika yofewetsa chimbudzi. Komanso mafuta ali ndi mphamvu zochuluka, makalori 9 pa galamu pomwe sitachi ili ndi 4, choncho chakudya chonse cha masana chimakwana m'kambale kakang'ono. Matumbo amafuna kanthu kokankha, ndiye akalandira zochepa chonchi amachita ulesi. Onjezanipo mapiritsi a calcium amene ana ambiri a keto amamwa, mankhwala ena a khunyu monga carbamazepine, ndi kusayendayenda ngati mwanayo ali ndi vuto la miyendo. Zonsezi zimakokera mbali imodzi.

Tsopano funso lalikulu. Zimene mwaonazo si maloto. Makolo ambiri amanena zomwezi, ndipo manesi a khunyu, kugwa kukachuluka popanda chifukwa chooneka, limodzi mwa mafunso awo oyamba ndi lakuti mwana anachita chimbudzi liti. Koma musaganize kuti chimbudzicho chikutumiza poizoni ku ubongo, monga ena amanenera pa Facebook pofuna kukugulitsani tiyi wotsuka m'mimba. Chimene chimachitika n'chakuti kudzimbidwa kumagwedeza nsanamira zonse zimene zikutchinjiriza mwanayo.

Ganizirani tsiku lachinayi lija. Mimba yauma, ikupweteka, mwana sagona bwino usiku, ndipo kusagona ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika kwambiri zoputa khunyu. M'mawa mwamuyezera kirimu ndi dzira pa sikelo, galamu ndi galamu, koma iye wadya dzira lokha n'kukankha kirimu chifukwa akumva kukhuta ndi nseru. Pamenepo 4:1 yatha, wadya chakudya china chimene katswiri sanalembe, ndipo maketoni, zimene thupi limapanga kuchokera ku mafuta pa chakudyachi, amatha kutsika. Akasanza patangopita mphindi zochepa atamwa mankhwala, ndiye kuti mankhwala a tsikulo mwina sanalowe onse. Palinso china chimene makolo ambiri sachiganizira: chimbudzi chodzaza kumapeto kwa matumbo chimapanikiza chikhodzodzo, mkodzo sutuluka wonse, ndipo matenda a m'njira ya mkodzo amayamba mosavuta, makamaka kwa ana aakazi. Matendawo amabweretsa kutentha thupi, ndipo kutentha thupi kumaputa kugwa. Choncho mwana wodzimbidwa amene wayamba kugwa kwambiri ayenera kuyezedwanso mkodzo.

Ngati pali tsiku limene anakomokera pachimbudzi penipeni, liuzeni gulu la kuchipatala padera. Kudzikakamiza kwambiri kumatha kutsitsa kuthamanga kwa magazi mwana n'kukomoka, ndipo kukomoka kotero kumafanana ndi khunyu koma si khunyu. Kavidiyo ka pa foni kamathandiza dokotala kusiyanitsa kuposa mawu athu, chifukwa pa nthawi ya mantha tonse timaona zinthu mosokonezeka.

Za zamadzimadzi za pa kabudula zija, chonde mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene makolo ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino. Nthawi zambiri kumeneko si kutsegula m'mimba. Chimbudzi cholimba chatseka njira, ndiye chofewa chochokera kumtunda chikudutsa m'mphepete n'kutuluka mwana osadziwa n'komwe. Musamukalipire, sakuchita dala. Musampatse mankhwala oletsa kutsegula m'mimba monga loperamide, chifukwa mukhala mukutseka pamene patsekeka kale. Musathamangirenso ku ORS musanafunse: madzi amenewo ali ndi glucose, ndipo mwana wa keto amafunika malangizo akeake pa nkhaniyi. Chizindikiro chimenechi chikusonyeza kuti vuto lapitirira pamene masamba ndi madzi zingathetse pazokha. Choyamba chimbudzi chakalecho chiyenera kutulutsidwa, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mankhwala.

Ku UK mankhwala oyamba a mwana wodzimbidwa ndi macrogol, amene mumawaona m'mapaketi olembedwa Movicol kapena Laxido. Ndi ufa wosungunula m'madzi. Salowa m'magazi, ntchito yake ndi kusunga madzi m'chimbudzi kuti chifewe, ndipo n'chifukwa chake magulu a keto amawakonda. Funsani mtundu wopanda zokometsera, umene umalembedwa kuti plain. Pochotsa chimbudzi chakale mlingo umakwezedwa tsiku ndi tsiku mpaka zonse zitatuluka, kenako umatsitsidwa. Mlingowo sindilemba pano dala, chifukwa umadalira msinkhu wa mwana ndipo ayenera kukupatsani ndi amene akumuona. Masiku amenewo amakhala auve ndithu, konzani zochapa, ndipo ngati n'kotheka muwachite kumapeto kwa sabata kapena pa holide.

Samalani ndi lactulose, mankhwala ena ofewetsa chimbudzi. Ma GP (madokotala a banja) ambiri amailemba mosaganiza kawiri chifukwa kwa ana ena onse ndi yabwinobwino, koma ndi madzi otsekemera okhala ndi lactose ndi galactose pang'ono, ndipo magulu ambiri a keto amaipewa kapena amafuna kuiwerengera. Chimodzimodzi mankhwala alionse a madzi. Mawu akuti sugar free pa botolo asakupusitseni, chifukwa m'malo mwa shuga amaikamo sorbitol kapena maltitol, ndipo zimenezi pa keto zimawerengedwa. Kulikonse kumene mwapita, kaya kwa GP, kaya ku famase, kaya ku A&E (kolandirira matenda a mwadzidzidzi) usiku, mawu oyamba akhale akuti mwanayu ali pa chakudya cha ketogenic chifukwa cha khunyu. Liquid paraffin, mafuta akumwa ofewetsa chimbudzi, nayenso si wa mwana amene amatsamwa pomeza, chifukwa akalowa m'mapapo amavulaza.

Tibwere kwa agogo. Malangizo awo ndi olondola kwa mwana wina aliyense m'mudzimo, ndipo ambiri a ife tinakulira papaya yemweyo. Koma magalamu 100 a papaya, kachidutswa kosadzaza n'chikhatho chomwe, ali ndi ma carbohydrate pafupifupi magalamu 11, pomwe ana ena a pa 4:1 saloledwa kufika magalamu 10 tsiku lonse. Phala la mgaiwa ndiye musanene. Musakangane nawo pa foni. Auzeni kuti kwa mdzukulu wawoyu chakudya ndiye mankhwala, ndipo shuga amasukulutsa mankhwalawo. Kenako apempheni nzeru pa zimene zikuloledwa, chifukwa pa zimenezo akudziwa kuposa ife: therere, nkhwani, bonongwe, mpiru, repu. Masamba ali ndi ma carbohydrate ochepa poyerekeza ndi fiber yake, ndipo amamwa mafuta bwino kwambiri. Kumeneko sipinachi, kale ndi broccoli zimagwira ntchito yomweyo, ndipo therere lobala limapezeka m'mashopu a amwenye. Mapeyala ndiwo mfumu pa nkhaniyi, chifukwa magalamu 100 ali ndi mafuta pafupifupi magalamu 15 ndi fiber pafupifupi magalamu 7, shuga wake wochepa kwambiri. Njere za flax zopera ndi za chia nazonso zimathandiza. Koma chilichonse mwa izi chidutse kaye kwa katswiri wa kadyedwe kuti achilowetse m'masamu a chakudya. Ngakhale peyala silingoikidwa pa mbale mwa diso.

Mfunseninso katswiriyo za mtundu wina wa mafuta wotchedwa MCT. Dr Peter Huttenlocher ndiye anawabweretsa m'chakudyachi mu 1971. Amapanga maketoni ambiri kuposa mafuta wamba, ndipo amafewetsa m'mimba, moti kusinthanitsa gawo lina la batala ndi MCT kumatha kuthandiza mbali zonse ziwiri. Amayambidwa pang'onopang'ono, apo ayi mimba imapota ndipo mwana amatseguladi m'mimba. Ana ena amatsitsidwa kuchoka pa 4:1 kupita pa 3:1 kuti masamba achuluke, kugwa osabwerera. Chimenecho ndi chosankha cha dokotala, koma inu muli ndi ufulu wochifunsa. Bungwe la Matthew's Friends, limene linayamba ku UK mu 2004, lili ndi maphikidwe ambiri ndiponso makolo anzanu amene anadutsamo.

Madzi. Kale ana a keto ankawachepetsera madzi poganiza kuti maketoni achuluka, ndipo mukhoza kukumanabe ndi malangizo amenewo pa intaneti. Zimenezo zinasiyidwa. Madzi ochepa amaumitsa chimbudzi komanso amawonjezera mwayi wa miyala ya mu impso, umene ndi wokwera kale pa keto, makamaka ngati mwana akumwanso mankhwala a khunyu otchedwa topiramate kapena zonisamide. Pemphani akuuzeni mamililita a tsiku molingana ndi kulemera kwake, muike chizindikiro pa botolo, ndipo aphunzitsi ake adziwe kuti botololo liyenera kubwera kunyumba lopanda kanthu. Kuwonjezera fiber popanda madzi kumangokulitsa vuto.

Mwana amene wamvapo ululu pachimbudzi amayamba kuopa, ndiye akamva kuti chikubwera amapana miyendo, kuima ndi zala kapena kubisala kuseri kwa mpando. Makolo amaganiza kuti akukankha, pamene kwenikweni akubweza. Mukhazikeni pachimbudzi mphindi 5 akatha kudya, makamaka m'mawa, chifukwa nthawi imeneyo matumbo amayenda okha. Ikani kampando pansi pa mapazi ake kuti mawondo akwere kupitirira chiuno. Zimbudzi zokhala pampandozi zimasiya miyendo ya mwana ili lendelende, pomwe kunjuta kumene tinazolowera kwathu kumawongola njira. Mpatseni chibaluni achifufumitse, minofu yoyenera imagwira yokha. Mutamandeni chifukwa chokhalapo, kaya chatuluka kaya ayi.

Kuyambira lero tengani kope. Tsiku lililonse lembani ngati wachita chimbudzi ndi mtundu wake pa Bristol chart, imene ili ndi manambala 1 mpaka 7. Nambala 1 ndi timibulu tolimba ngati ta mbuzi, ndipo cholinga chathu ndi 3 kapena 4. Pambali pake lembani maketoni, chakudya chimene wasiya, mmene wagonera, ndi kangati wagwa. Mtima wa kholo umakumbukira masiku oipa n'kuiwala masiku amene anadzimbidwa koma osagwa. Pakatha masabata atatu kapena anayi kopelo lidzaonetsa ngati zinthu ziwirizi zikuyenderadi limodzi, ndipo dokotala amachitapo kanthu msanga akaona zolembedwa.

Pali zina zosadikira kope. Akasanza zobiriwira, mimba ikatupa n'kulimba, akatentha thupi, akafooka kwambiri kapena kupuma mofulumira, kapena akamasanza mpaka kulephera kusunga mankhwala a khunyu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mutanyamula kalata yake ya keto, kuti asamuike diripi ya glucose popanda kufunsa gulu lake. Kugwa kukafika mphindi 5, tsatirani dongosolo la mankhwala a mwadzidzidzi limene anakupatsani ndipo imbani 999.

Chomaliza, Movicol musadzamusiye chimbudzi chikangofewa sabata imodzi. Matumbo amene atanuka kwa miyezi amafuna miyezi kuti abwerere m'chimake, ndipo ana ambiri amakhala pa mlingo waung'ono wa tsiku ndi tsiku nthawi yaitali, ena mpaka nthawi yonse imene ali pa keto. Imbirani nesi wa khunyu kapena katswiri wa kadyedwe mawa m'mawa, muwauze masiku amene adutsa, za kabudula zija, ndiponso kuti mukufuna mkodzo uyezedwe.