Yankho: capper yoyenera revolver ya wonga

Achimwene, mwafunsa ngati mugule capper yowongoka kapena yozungulira ija yonga chigoba cha nkhono. Capper ndi kachipangizo koikira ma cap, tizisoti tachitsulo toyatsa wonga, pa mfuti. Yambani mwayang'ana mfuti yanuyo. Pa Colt 1851 Navy ndi 1860 Army, malo ozungulira ma nipple (timachubu tovekapo ma cap) ndi otakasuka, ndiye capper zambiri zimafika. Vuto lili pa Remington 1858: mpata wake ndi wothina, mlomo wa capper zambiri umagunda chitsulo usanafike pa nipple. Pamenepo yowongoka ya mlomo wowonda ndiye imathandiza, ena amachita kuipala pang'ono ndi fayilo.

Ine ndimakonda yankhono, monga ya kampani ya Ted Cash, chifukwa imanyamula ma cap pafupifupi 100, pomwe yowongoka imatenga 15 kapena 20 basi. Koma musagule musanadziwe saizi ya ma cap a mfuti yanu, #10 kapena #11. Ndipo cap ya #10 ya kampani ya CCI sikhala chimodzimodzi ndi ya kampani ya Remington. Cap yokhwepa imagwa mfuti ikamaphulika, moto n'kulowera m'mabowo a zipolopolo zina, zipolopolo zingapo n'kutuluka nthawi imodzi. Dzanja lingathe kuvulala koopsa.

Mukaika cap, musaikanikize ndi chala. Gwiritsani kamtengo, pang'onopang'ono, mfuti italoza kopanda anthu. M'nyengo ya dzinja musasiye ma cap mu capper, chinyontho chimawawononga. Abwezereni m'kachitini kake.

Kuno ku Lilongwe mudzachita kuitanitsa kunja. Musanatero, kafunseni kulikulu la apolisi ku Area 30 za chilolezo, makamaka cha ma cap ndi wonga.