Kwa achemwali ofuna kufufuta dzina pamkono chinkhoswe chisanafike

Achemwali, ndawerenga zomwe mwalemba. Muli ku Johannesburg, pamkono panu pali dzina la munthu amene munasiyana naye kalekale, lolembedwa ndi inki yakuda, m'mbali mwake muli kamtima kofiira, ndipo mukufuna zonsezi zichoke chisanafike chinkhoswe chanu cha mu Disembala. Mwafunsa ngati laser imagwiradi ntchito pa khungu lakuda ngati lathuli, ngati imapweteka, komanso ngati mafuta ofufutira tattoo omwe akutsatsidwa pa Facebook angafulumizitse zinthu. Inenso yanga ndinachotsa ndi laser konkuno, ndiye ndikuuzani zomwe ndikudziwa.

Ndiyambe ndi zosakoma. Pa miyezi inayi yatsalayi dzinalo silichoka. Lizirala, mwina mpaka woima patali osatha kuliwerenga, koma kuchokeratu ayi. Tattoo yojambulidwa ndi makina kwa akatswiri kawirikawiri imafuna maulendo 6 mpaka 12 kuchipatala, ina kuposa apo, ndipo pakati pa ulendo wina ndi unzake pamadutsa masabata 6 mpaka 8. Kwa ife a khungu lakuda madokotala ambiri amatalikitsanso nthawiyo. Mukawerengetsa muona kuti ndi nkhani ya chaka kapena zaka ziwiri. Wina akakulonjezani kuti pofika Disembala pamkonopo padzakhala popanda kanthu, tulukani, chifukwa njira yokhayo yoti ayesere kukwaniritsa lonjezolo ndi kukweza mphamvu ya makina mpaka kukuwotchani.

Kuchedwaku kuli ndi chifukwa. Laser siitulutsa inki m'thupi. Inki ya tattoo imakhala m'khungu lamkati, pansi pa kachikopa kapamwamba kamene kamafunduka, ndipo tizidutswa take ndi tatikulu moti thupi limalephera kutichotsa. Nchifukwa chake tattoo imakhala zaka ndi zaka. Laser imangowombera kuwala kwamphamvu kwa kanthawi kochepa zedi, kosafika ndi pa kuphethira komwe, inkiyo nkutentha mwadzidzidzi nkuswekasweka. Ntchito yotsalayo ndi ya asilikali a m'thupi mwanu, amene amatola zoswekazo pang'onopang'ono nkuzitengera ku tinthu ta m'khwapa tija timatupa munthu akakhala ndi mwanabere. Zimenezi zimatenga masabata, ndipo ndalama sizingazifulumizitse. Mukabwerera sabata yachiwiri mungovulaza khungu lomwe silinapole, inki ili pomwepo. Nchifukwa chakenso tattoo ya pachifuwa kapena pakhosi imachoka msanga kuposa ya pakakolo kapena pachala, komwe magazi safika ochuluka. Ngati mumasuta, ofufuza ku Italy anasindikiza mu 2012 zoti tattoo za osuta fodya zimavuta kwambiri kuchoka, ndiye mwina pano ndi posiyira.

Tsopano gwirani apa, chifukwa ndi pomwe anzathu ambiri alirira. Laser imasaka chakuda. Siitha kusiyanitsa bwino inki yakuda ndi melanin, chinthu chimene chimapatsa khungu lathu mtundu wake. Pa mzungu ntchito imaphweka, poti chakuda chokha chomwe kuwalako kumapeza ndi inki. Pa ife, makina olakwika amawotcha khungu pamodzi ndi inkiyo, mapeto ake inki yachoka koma pamalopo patsala zilembo zomwezo, tsopano zoyera, zowerengeka bwinobwino. Nthawi zina mtundu umabwerera pakapita miyezi, nthawi zina subwereranso. Ndinaonapo mkono wotero, mwini wake ankati bola tattoo ija. Choopa chenicheni si kuti dzinalo lichedwa kuchoka, koma kuti mulisinthanitse ndi chipsera chomwe palibe adzachichotse.

Makina oyenera khungu lathu ndi Nd:YAG ya 1064 nm. Lembani nambalayi mufoni, ndi imene imasonyeza mtundu wa kuwala komwe makinawo amatulutsa. Kuwala kwake kumalowa mozama ndipo melanin sakukoka kwambiri, pomwe inki yakuda imakukoka bwino. Ikhale ya mtundu wa Q-switched kapena picosecond, omwe ndi makina owombera mwachidule kwambiri. Palinso ya ruby ya 694 nm ndi ya alexandrite ya 755 nm, zomwe zimatha bwino inki yobiriwira ndi yabuluu pa khungu loyera, koma pa lathu ndi zomwe zimakonda kusiya mawanga oyera. Musatengeke ndi mawu oti pico pa chikwangwani. PicoSure, yomwe inavomerezedwa ku America mu 2012, kuwala kwake kwenikweni ndi kwa 755 nm, pamene PicoWay ili ndi 1064 nm. Choncho funso lanu lisakhale loti makinawo dzina lake nchiyani, koma loti pa mkono wanga muwombera ndi nambala iti. Ngati wokuyankhani akuyang'ana kudenga, kapena akuti makina awo ochotsera tsitsi m'miyendo kapena a IPL amachotsanso tattoo, tengani chikwama chanu muzipita.

Munthu wogwira makinawo ndi wofunika chimodzimodzi. Madokotala a khungu amagawa makungu m'magulu 6 pa sikelo ya Fitzpatrick, ndipo ambiri a ife tili mu gulu 5 kapena 6. Apempheni zithunzi za anthu a magulu amenewa omwe iwowo anawagwira, zojambulidwa khungu litapola, osati za azungu zomwe zinabwera ndi makina. Ine ndimakonda malo omwe pali dokotala weniweni woyang'anira, osati kachipinda ka kuseri kwa saluni. Kuno ku South Africa dzina la dokotala mutha kulifufuza m'kaundula wa HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala, ndipo kwa amene akuwerenga ali kumudzi, kaundula wake ali ku Medical Council of Malawi. Kenako pemphani kuti ayambe ayesa pa kachilembo kamodzi, mudikire masabata angapo muone mmene khungu lanu layankhira. Wodziwa ntchito sakana zimenezi, ambiri amayamba okha kuzinena.

Musanapite kulikonse, dziyang'aneni thupi. Ngati munaboola khutu pakamera chotupa cholimba, kapena muli ndi chipsera pachifuwa kapena paphewa chomwe chinakula kuposa bala lake, ndiye kuti thupi lanu limapanga keloid, vuto lomwe limagwira kwambiri ife akuda. Mukatero muyambe mwaonana ndi dokotala wa khungu. Kumudzi a za khungu amapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Muwauzenso zoona zokhazokha: ngati muli ndi shuga, ngati muli pa ma ARV, ngati mukumwa kapena mwangosiya isotretinoin wa ziphuphu, ngati mukumwa doxycycline amene amachititsa khungu kupsa msanga ndi kuwala, ngati ndinu woyembekezera. Ndipo pepani ndinene, poti tili tokhatokha azimayi: ngati mumadzola mafuta oyeretsa khungu, anenedwe. Ambiri mwa mafutawa muli steroid, yemwe amapyapyalitsa khungu ndi kuchedwetsa mabala kupola.

Za kamtima kofiirako. Inki yofiira siimva 1064 nm, imafuna 532 nm, yomwe makina omwewo a Nd:YAG amatha kutulutsa. Vuto ndi lakuti 532 nm ndi yomwe melanin amaikoka kwambiri, ndiye pomwe pali kamtimapo ndi pomwe pangayere. Ndikanakhala inu ndikanalimbana ndi dzina, kamtimako nkukasiya. Sikanalakwire munthu, ndipo akuchimuna sakakafunsa kuti ndi ka ndani. Ngati kamtimako kamayabwa kapena kutukuka nthawi zina, dziwani kuti thupi lanu silikugwirizana ndi inkiyo, ndipo kuiswa ndi laser kungafalitse vutolo thupi lonse, choncho dokotala adziwe asanayatse makina. Ngati muli timizere toyera kapena tapinki mkati mwake, chenjerani nato, chifukwa inki yokhala ndi titanium dioxide kapena iron oxide ikawombedwa imatha kusanduka yakuda nthawi yomweyo. Amene munajambulitsa nsidze kapena milomo, nkhani ndi yomweyi.

Mafuta a pa Facebook aja asiyeni. Inki ili mozama moti mafuta odzola sangaifike osawononga khungu lomwe lili pamwamba pake. Ena ndi oyeretsa chabe, ena muli asidi wotchedwa TCA amene amachita kuwotcha. Bungwe la FDA ku America silinavomerezepo mafuta ochotsera tattoo ndi amodzi omwe. Kukhula ndi mchere, asidi wa batire, ayironi yamoto, ndi tizolembera ta laser togulitsidwa pa intaneti, zonsezi zimathera kuchipatala.

Kupweteka, inde imapweteka, kuposa pojambulitsa paja. Mumamva ngati mafuta a moto akukulumphirani pokazinga mandasi, motsatizana osapumira. Chabwino chake nchakuti sizichedwa. Dzina la pamkono ndi mphindi zochepa chabe, nthawi yambiri imathera pokonzekera. Pemphani mafuta ochititsa dzanzi monga EMLA, omwe amapakidwa pafupifupi ola limodzi musanalowe, ndipo malo ambiri ali ndi makina opemerera mpweya wozizira pamalopo. Magalasi oteteza maso muvale nonse, inu ndi wowomberayo. Akangowombera, pamalopo pamayera mbee, musadzidzimuke, ndi mpweya wotuluka pansi pa khungu ndipo zimatha pasanapite ola. Kenako pamatupa, pamatentha, tsiku lotsatira pamatha kutuluka matuza, pambuyo pake nkhanambo.

Apa ndiye zili m'manja mwanu. Matuza musawaboole, nkhanambo musazisende ngakhale ziyabwe chotani. Tsukani ndi madzi aukhondo ndi sopo wosanunkhira, pukutani mochita kugunditsa, pakani Vaseline pang'ono kapena mafuta omwe akupatsani, phimbani ndi bandeji yoyera masiku oyambirira. Musauviike mkonowo m'madzi nthawi yaitali, ndipo ngati mumagwira ntchito ya m'nyumba kapena ya kukhitchini, konzani ulendo wanu tsiku loti mawa lake mukupuma, Jik ndi sopo wa mbale asakhudze balalo. Pakapola, dzuwa ndiye mdani. Pa khungu lathu malo omwe anatupa amakonda kuda kuposa pozungulira, ndipo dzuwa limawonjezera kudako. Valani za manja aatali, dzolani mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa. Mukaona mafinya, kufiira komwe kukufalikira, ululu womwe ukukulirakulira kapena thupi latentha, musadikire tsiku lomwe anakupatsani, pitani kuchipatala.

Pa ndalama, amalipiritsa ulendo uliwonse potengera kukula kwa tattoo, ndipo ma medical aid kawirikawiri salipira, amati ndi zodzikongoletsa. Mtengo womwe akuuzeni muuchulukitse ka 10 m'mutu mwanu kuti mudziwe chomwe mukulowa. Ena amatsitsa mtengo mukalipiriratu maulendo angapo, koma musalipiriretu musanaone zotsatira za kachilembo koyesera kaja.

Nanga chinkhoswe? Mukayamba mwezi uno mutha kupita kawiri, ulendo womaliza usapitirire pakati pa Okutobala, kuti pofika tsikulo khungu lidzakhale litapoleratu. Simukufuna kudzavina pa perekaniperekani ndi mkono wa nkhanambo. Patsikulo pali zodzola zophimbira zipsera monga Dermablend, zomwe zimabisa tattoo bwinobwino mukapeza mtundu wofanana ndi khungu lanu, ndipo muyesereretu kunyumba masana pa dzuwa. Apo ayi uzani telala asoke malaya a manja aatali, kapena valani zibangili zokulirapo. Akuchimuna akabwerera kwawo, Januwale mupitiriza.

Pali njira zina ziwiri zoti muzidziwe. Yoyamba ndi kujambulitsa china pamwamba pake. Maulendo ochepa a laser amaziralitsa dzinalo mokwanira kuti wojambula waluso aliphimbe ndi duwa kapena china chilichonse, ndipo izi zimatha msanga ndi ndalama zochepa kuposa kuchotseratu. Zimangofuna kuti mukhale okonzeka kukhalabe ndi tattoo, yokulirapo ndi yoderapo kuposa yoyambayo. Yachiwiri ndi opaleshoni yodula kachikopako nkusoka, yomwe imatheka pa tattoo yaing'ono yokha ndipo imasiya mzere wa chipsera. Kwa munthu wa thupi la keloid imeneyi sindingaiyamikire.

Mukasankha laser, muzijambula mkonowo ndi foni musanalowe ulendo uliwonse, pamalo amodzimodzi ndi kuwala kofanana. Poti mumauona tsiku ndi tsiku, mudzaganiza kuti palibe chikusintha ndipo ndalama zikungopita, koma zithunzi zidzakuonetsani. Zilembo sizizirala mofanana, china chimatha msanga, china pomwe wojambula anakanikiza singano chimakakamira. Kumapeto kusintha kumachepa, ndipo kwa ena pamatsala kachithunzithunzi kotuwa komwe amakaona ndi mwini wake yekha. Mukafika pamenepo mukambirane ndi dokotala ngati nkofunika kupitiriza, chifukwa inki imapitirirabe kuzirala yokha kwa miyezi ingapo pambuyo pa ulendo womaliza, ndipo kudikira miyezi itatu kapena inayi musanalipirenso kungakupulumutsireni ndalama za ulendo wathunthu.